Kamlambe ka Ababa

Hamilton, Ontario
2 Julaye 2023

Achimwene a Fabian,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu anga a Joan? Nanga ababa adzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno lachita misala, silikufuna kulowa ngati laiwala kwawo.

Kalatayi ndalemba pamanja monga mwa masiku onse. Ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya aphunzitsi a Boyd, iwo akaisindikiza pa Ngabu n'kukupatsirani. Ndikudziwa kuti foni yanu ija idakali m'chitsime momwe munaigwetsera, ikucheza ndi achule. Muwawerengere ababa mokweza ndiponso pang'onopang'ono, osati ngati mukuitanira minibasi ku Limbe. Sitiroko inawalanda pakamwa ndi dzanja lamanja, koma makutu inawasiyira.

Ababa, ndine Zelipa wanu. Mukukumbukira kamtengo kaja konenepa kutsinde, kamene inu munakapatsa dzina loti kamlambe? Kaja kophuka maluwa oyera, ofiira m'mbali, nyengo ino yachisanu masamba onse atayoyoka. Munandionetsa kuseri kwa nkhalango ija munkalonderako nyama, ine ndili Sitandade 3. Lero kamtengo kameneko ndi kamene kakundidyetsa kuno ku yunivesite.

Achimwene, mumandifunsa kawirikawiri kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani. Imvani. Tili ndi chipinda chachikulu chopanda mawindo, chodzaza makabati achitsulo. M'makabatimo muli zomera zouma zomatidwa pamapepala, zina zinathyoledwa agogo athu asanabadwe. Ine ndimafufuza kuti ichi ndi m'bale wa chiti. Kamlambe mfunda wake ndi Adenium, ndipo abale ake ali m'zipululu za ku Arabia, Somalia ndi Namibia. Akatswiri akhala akukangana zaka zambiri. Ena akuti onsewa ndi mtundu umodzi wotchedwa obesum, wathuyu anangosintha nkhope chifukwa cha dera. Ena akuti wathuyu ndi mtundu pawokha, dzina lake multiflorum. Ine ndili ndi achiwiriwa, koma umboni wanga ndi wochepa. M'makabati onsewa muli pepala limodzi lokha la ku Chigwa cha Shire, ndipo maluwa ake anadyedwa ndi tizilombo.

Ndiye ndikupemphani. Mukathyole maluwa kumitengo itatu yosiyana. Muwayale pakati pa manyuzipepala, pamwamba muikepo thabwa ndi njerwa, ndipo manyuzipepalawo muzisintha tsiku lililonse. Mulembe tsiku ndi malo amene mwathyola. A Boyd akamapita ku Zomba kukachonga mayeso adzawatenge, kumeneko kuli mnzanga amene adzakonze zilolezo zotumizira kuno.

Ababa, iyi museka. Ndimakhala nyumba imodzi ndi Mwiza, namwino wa ku Chipata. Ataona chithunzi cha kamlambe patebulo panga anati, "Iwe, aka kamtengo nikadziwa. Vili mukati mwake vilingana chabe na tuma pills twa heart twamene tipasa ma patient ku ward." Ndiye taonani, mtengo wanu wakutchire uja ndi wachibale wa mankhwala a m'chipatala cha azungu!

Mundiuze za miyendo ya ababa, ngati kutupa kwachepako.

Ndine mlongo wanu,
Zelipa


Ngabu
15 Julaye 2023

Mlongo wanga Zelipa,

Tadzuka, kaya iwe kumeneko. Joan akupereka moni. Za foni usandiseke, chitsime chimenecho ndinkatungako madzi osambitsa bambo ako.

Kalata yako ndinawerenga kawiri. Ababa anamvetsera maso ali kudenga, koma nditafika pa kamlambe anamwetulira mbali imodzi ija imene ikugwirabe ntchito. Kalatayo aisunga pansi pa pilo pamodzi ndi zinzake.

Mtengo wako ndaupeza, koma ndinakhaula. Ukudziwa kuti ine ndinakulira kwa amalume ku Bangwe, mitengo imene ndimaidziwa ndi mapolo a magetsi. Kutchire munkayenda awiri ndi ababa, ine kunalibe. Ndinazungulira m'mawa wonse, minga yokhayokha, mpaka ndinaupeza pamiyala kuseri kwa dambo. Unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, maluwa okhaokha. Ndi wokongola, ndivomere.

Nditafika nawo pakhomo ndinawaonetsa ababa. Anandigwira dzanja ndi lamanzere lawo lija, n'kulinunkhiza, kenako n'kumaloza kundowa. Ndinati akufuna kumwa. Ndinawatungira madzi, iwo n'kukankha kapu. Munthu ameneyu masiku ano kumumvetsa n'kovuta, ndipo ndikuuze zoona, ndatopa. Ndinasiya galaja ku Limbe kuti ndidzawasamale, koma tsiku lonse ndimangokhalira kulosera zimene akufuna.

Miyendo sikuphwa. Yatupa mpaka m'maondo, ukadina ndi chala dzenje limatsala pomwepo. Akagona chagada amabanika. Mapiritsi aja a mtima anatha sabata yatha. Kuchipatala chathu chaching'ono ndapitako kawiri, akuti tidikire galimoto yochokera kuboma.

Tsono ndili ndi funso. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma sindine chitsiru. Mzungu sangamange chipinda chopanda mawindo, n'kukulemba ntchito, n'kukweza maluwa ouma ndege, chifukwa chongofuna kudziwa mfunda wa mtengo. Mtengo uli ndi maliro oti akautchulirepo mfunda? Chilipo chimene akufuna mumtengomu, ndipo namwino wakoyo waulula yekha. Undiuze poyera, za mtimazo ndi zoona kapena nthabwala?

Ine,
Fabian


Hamilton
23 Julaye 2023

Achimwene,

Moni nonse, ababa ndi alamu. Ndikulemba ndili m'sitima yochokera ku Toronto, ndiye zilembo zikakhala zokhotakhota musati ndayamba mowa.

Zithunzi za maluwa zimene a Boyd anajambula zafika. Ndinakuwa m'chipinda cha makabati mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira. Achimwene, mwagwira ntchito! Taonani bwino pakhosi pa duwa lililonse, muona mizere yofiira ndi timichira taubweya totulukira kunja. Abale ake a ku Arabia timichira tawo sititalika choncho, ndiponso iwo amaphuka masamba ali pomwepo, pamene wathuyu amayamba wavula kaye. Timichira timeneti ndi timene ndidzawagwetse nato akuluakulu aja.

Dzulo ndinali ku Markham kwa a Harry ndi a Lilian, kunali phwando la Amalawi. Pawindo pawo ndinapeza m'bale wa kamlambe ali m'kamphika, anachita kumugula m'sitolo. Anzanga akuvina, ine ndinali pawindo kuyeza timichira. A Lilian anati, "Zelipa, mpaka lero ukanali ndi maluwa? Bwanji osangopanga apply za nursing ngati anzako, uzipeza ma shift?" Ndiye si inu nokha amene mumandikayikira.

Za miyendo ya ababa zandisowetsa mtendere. Ndikudziwa kuti mwatopa, achimwene, ndipo ndimachita manyazi kuti mtolo wonse uli pa inu ndi alamu, ine ndili kuno kuwerenga ubweya wa maluwa. Mapiritsi sindingatumize popanda kalata ya dokotala amene wawaona, Mwiza wandiletsa. Chonde yesetsani kuwatengera kuchipatala chachikulu kuboma.

Funso lanu lija. Za mtimazo ndi zoona, Mwiza sanama. Koma zimenezo ndi za anthu a m'mafakitale a mankhwala, ine yanga ndi mayina basi, kaya mukhulupirira kaya ayi. Chinanso, mudule kanthambi kamodzi kotalika ngati chala, muumitse pamodzi ndi maluwa. Mukagwira mtengowo muzisamba m'manja ndi sopo. Ababa akudziwa chifukwa chake.

Tafika, ndithamangire basi.

Zelipa


Ngabu
5 Ogasiti 2023

Zelipa,

Tilipo. Boyd anyamuka mawa m'mawa kupita ku Zomba. Katundu wako ndamanga bwinobwino, ndikamusiya kwa akazi ake chifukwa mwiniwake ali kusukulu. Kalatayi ndaiika mkati mwa manyuzipepala kuti isatayike, akaijambula akafika pa netiweki yabwino.

Wati tiwatengere kuboma. Pa chiyani? Tinayesa kuwakweza kabaza, tisanafike ndi pamlatho pomwe anali atalefukiratu, tinabwerera. Galimoto ya mankhwala ija mpaka lero sinabwere. Ababa akupuma ngati munthu wokwera phiri, chikhalirecho ali pamphasa.

Wanena wekha kuti za mtimazo ndi zoona. Ndathokoza kuti sunandibisire. Ine sindingakhale manja lende kudikira fakitale ya ku Canada, pamene mtengo wake uli kuseri kwa dambo lathu. Ndinabwererako ndi chikwanje. Kanthambi kako ndinadula, ndipo ndinasemako kutsinde konenepa kuja, poti mphamvu ya mtengo uliwonse imakhala pansi. Ndinayanika padenga, ndinasinja, ndipo dzana ndinawiritsa.

Usade nkhawa, sindine wosasamala. Ngakhale injini sitithira oyilo yense kamodzi. Ndayamba ndi supuni yaing'ono m'kapu ya madzi. M'manja ndikusamba ndi sopo monga unanenera.

Vuto ndi mwiniwake wodwalayo. Atangomva fungo analuma mano, n'kuimenya kapu mpaka kukagwera pabwalo. Dzulo chimodzimodzi, lero chimodzimodzi. Koma ukudziwa kuti anakanapo phala, anakanapo kusamba, anakanapo ndi mapiritsi omwe poyamba paja. Makani ndi awo akale. Ndipeza njira.

Ukamalandira kalata yotsatira, mwina adzakhala akuyenda okha kupita kuchimbudzi.

Fabian


Alamu anga a Zelipa,

Pepani ndalemba ndi pensulo ndiponso mobisa. Achimwene anu sakudziwa, kapepalaka ndakalowetsa m'katundu iwo ali kosamba.

Ine mtima wanga sukukhazikika. Kuyambira tsiku limene mtengo uja unayanikidwa padenga, ababa safuna kukhala pakhonde. Akaona kapu ija amalira, misozi yeniyeni, munthu amene sanalire ngakhale tsiku lija anagwa ndi sitiroko.

Dzulo ndinawakhazika panja kuti awothere dzuwa. Anatola kamtengo ndi dzanja lamanzere n'kujambula pansi. Anajambula mzere ngati madzi, pamwamba pa mzerewo n'kuikapo nsomba. Anafufuta n'kujambulanso, mpaka katatu, uku akundiyang'ana. Achimwene anu anati akufuna ndiwo za nsomba, anakagula mlamba kumsika. Ndinaphika bwinobwino, sanalawe n'komwe.

Chinanso, madzi amene ababa anataya pabwalo aja nkhuku zinamwa. Ziwiri zafa. Achimwene anu akuti ndi chitopa, nyengo yake ndi ino. Mwina ndi zoona.

Ine sindinaphunzire ngati inu, ndipo amuna anga sindingawatsutse pa bambo awo owabereka. Akuchita zonsezi chifukwa chowakonda. Mungondiyankha kudzera kwa a Boyd kuti inde kapena ayi, ine ndidzadziwa chochita.

Mlamu wanu,
Joan


Hamilton
13 Ogasiti 2023

Achimwene,

Muli bwanji nonse? Masabata atatu tsopano osamva kanthu. A Boyd ndawaimbira kawiri, foni yawo imakhala yotseka, akuti kochonga mayeso salola mafoni masana. Anangondilembera kuti katundu ali naye ndipo akampereka kwa mnzanga uja Lachisanu akapeza mpata. Kalatayi idikira m'foni mwawo mpaka adzabwerere, komabe ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Chete wanuyu sakundisangalatsa. Lero pochokera kutchalitchi ndinakhala m'basi kuyang'ana utsi wa mafakitale a zitsulo kunyanja, mpaka ndinapitirira potsikira panga. Mwiza akuti ndikudzivutitsa, nkhani yoipa ikanakhalapo bwenzi itafika kale.

Ababa, ndili ndi uthenga wabwino. Abwana anga aona miyeso ya timichira ija ndipo avomera kuti pepala la ku Ngabu ndi limene lidzakhale umboni waukulu m'lipoti langa. Pansi pa pepala lililonse timamatapo kachikalata konena za amene anapeza chomeracho. Pa lathuli ndidzalemba kuti wothyola ndi Fabian Nthanda, wodziwa malo ndi Solomon Nthanda. Mapepala amenewa sataya. Zaka zana zikubwerazo munthu adzatsegula kabati kuno ku Hamilton n'kuwerenga dzina lanu.

Yankhani, chonde.

Zelipa


Hamilton
18 Ogasiti 2023

Achimwene,

MUSAWAMWETSE. Tayani zonse, ufa, mphika, supuni, kapu. Mukwirire pakuya, kutali ndi chitsime. Kamlambe ndi poizoni, amapha. Alamu, yankho lanu ndi ayi, ayi, ayi.

Makalata anu awiri a Boyd awapeza lero, pomasula manyuzipepala ku Zomba. Akhala m'chikwama masiku khumi ndi atatu. Ndawawerenga nditaimirira pakati pa makabati.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinathyola kanthambi ka kamlambe, utomoni n'kundidonthera pachala, ine n'kumapita nacho kukamwa. Ababa, amene sanandimenyepo chibadwire, anandimenya dzanja mpaka linatupa. Kenako ananditengera kuthamanda lina kumene anthu anali atasinjiramo mtengowu. Nsomba zonse zinali zitayandama pamwamba, mimba kumwamba. Nsomba imene akujambulayo ndi imeneyo, achimwene. Sakupempha ndiwo. Tsiku lija ankaloza kundowa ankati musambe m'manja.

Mwiza wathamanga kuchokera kuntchito. Akuti zimene amaika m'piritsi limodzi sizifika ndi kambewu ka mchere komwe, amachita kuyeza ndi makina, ndipo ngakhale zimenezo zikapyola pang'ono wodwala amafa. Akuti ngati alawako ndipo akusanza, kapena mtima wayamba kugunda pang'onopang'ono, musati akuchira. Muwanyamule ngakhale pamachira, mutengenso chidutswa cha mtengowo adokotala akaone.

Wolakwa ndine. Munandifunsa poyera, ine ndinakuyankhani mothamangira basi. Ndinalemba kuti ababa akudziwa, ngati ababa angathe kukuuzani. Ndinaiwala kuti inu kuthamanda kuja kunalibe. Ndinkafuna muone kuti ntchito yanga si yachabe, ndiye ndinadzitama ndi mawu a Mwiza, mawu oti poizoni osalemba.

A Boyd apeza mnzawo, aphunzitsi a Edwin, amene ali ndi njinga yamoto. Asindikiza kalatayi n'kubwera nayo mawa m'mawa.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chimodzi chokha. Ababa amaudziwa mtengowu kuposa aliyense amene ndinakumanapo naye, kuposa ndi abwana anga omwe. Sangamwe. Ababa, limbikirani choncho, musatsegule pakamwa.

Zelipa


Ngabu
27 Ogasiti 2023

Mlongo wanga,

Moni. Joan ali bwino, ngakhale sakuyankhula kwambiri. Ine ndilipo.

Uthenga unaumva kale kwa a Edwin. Anafika Loweruka n'kupeza tikusesa pabwalo, ababa titawaika Lachisanu, tsiku lomwelo iwe unkalemba. Tinasowa pokuimbira, nambala yako inali m'foni ya m'chitsime ija ndi mwa Boyd basi. A Edwin atandipatsa foni kuti ndiyankhule nawe ndinakana. Sikunali kukwiya. Panali anthu, ndipo chimene ndikufuna kukuuza sindikanatha kuchinena pakamwa.

Unalemba kuti sangamwe. Unalondola. Anakana masiku khumi ndi limodzi. Ndinayesa kuthira m'phala, ananunkhiza n'kusiya kudya phala. Ndinayesa m'tiyi, anasiya tiyi. Ndinawakalipira, Mulungu andikhululukire, ndinati akufuna kufa dala kuti anthu azinena kuti Fabian analephera.

Lolemba pa 14 ndinatenga kalata yako ya m'sitima ija pansi pa pilo. Ndinakhala pafupi nawo n'kuwawerengeranso pamene unalemba kuti za mtimazo ndi zoona, Mwiza sanama. Zotsatirazo ndinalumpha. Kenako ndinaika chala changa papepala ngati ndikuwerengabe, n'kunena mawu anga. Ndinati, "Ababa, ndine Zelipa wanu. Ife kuno tayeza, imwani."

Chigwereni sitiroko sankathanso kuwerenga, koma zilembo zako ankazidziwa. Anatenga pepalalo n'kuyendetsa chala pa dzina lako. Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'khutu. Kenako anatsegula pakamwa okha. Sindinawagwire, Zelipa. Anamwa kapu yonse.

Lachiwiri anamwanso, Lachitatu anamwanso, osavuta. Ankasanza, ine n'kumati matenda akutuluka. Ndinaika khutu pachifuwa pawo n'kumva mtima umene unkathamanga uja ukugunda modekha, ndipo ndinasangalala, mpaka ndinamuitana Joan kuti adzamve. Lachinayi m'mawa, Joan akusesa, ababa anatisiya.

Anthu akuti ndi matenda a mtima aja, ndipo palibe amene akufunsa. Zonse ndinakwirira pakuya monga unanenera. Usadzinenere kulakwa wekha, iwe unasiya mawu amodzi, ine ndinawonjezera asanu ndi atatu m'dzina lako.

Chimene chikundidya ndi ichi. Sindikudziwa zimene ankaganiza pondiyang'ana paja. Mwina anati mwana wawo wophunzira wapeza zimene iwo sankadziwa, n'kumukhulupirira. Mwina anadziwa bwinobwino kuti ndi poizoni yemwe uja, n'kuganiza kuti nawenso watopa nawo. Ndikanakonda ndikanawauza kuti sunali iwe. Ndinali ndi masiku atatu oti ndiwauze.

Boyd wabwera dzulo ndi kalata yako ya pa 13. Ndinapita nayo kumanda n'kuwawerengera yonse, pang'onopang'ono, osalumpha kapena kuwonjezera kanthu. Akuti maluwa ako anauma bwino ndipo anyamuka mwezi wamawa.

Pakachikalata kako kaja ulembe dzina la ababa lokha. Langa ulichotse.

Ine mlongo wako,
Fabian